Momwe mungamangire wailesi ya VHF pa boti, kuyambira pa eriyo mpaka pa batire

Amene mumayenda pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma mukudziwa kuti mukafika pakatikati pa nyanja netiweki ya foni imathawa, ndipo nyengo ya mwera cha mu June mpaka August madzi amasintha nthawi yochepa kwambiri. Injini ikazima pamenepo foni ilibe ntchito. Ndiye eni maboti a injini, kaya a usodzi kaya onyamula anthu ndi katundu, chonde ikani wailesi ya VHF, siifuna yunitsi kapena netiweki, imalankhula molunjika ndi wailesi inzake. Kumanga kwake sikovuta, koma ambiri amagula wailesi yabwino ngati Icom kapena Standard Horizon kenako nkuumira pa waya ndi eriyo, pomwe mphamvu yonse ya wailesi yagona pamenepo.

Musanagule kalikonse funsani ku MACRA za laisensi, ndi iwo amayang'anira mafunde a wailesi mdziko muno.

Yambani ndi malo. Wailesi ikhale pomwe woyendetsa angaifikire osasiya chiwongolero, pamthunzi, posagwa mvula komanso posafika madzi a mafunde. Ngati muli ndi kampasi italikitseni mwina mita imodzi chifukwa mu sipika ndi mu maiki muli maginito amene amanamiza kampasi. Kumbuyo kwake siyani mpata, imatentha mukamalankhula nthawi yaitali.

Tsopano eriyo, apa ndiye pofunika kudekha. Mafunde a VHF amayenda mowongoka, sakhota kutsata kupindika kwa dziko, ndiye kutalika kwa eriyo ndi kumene kumanena kuti mumveka mpaka pati. Maboti awiri onse eriyo ili mita imodzi pamwamba pa madzi angamvane pafupifupi makilomita 8, koma onse akakweza kufika mamita 4 amafika cha ku makilomita 16, wailesi zomwezo batire yomweyo. Choncho ikwezeni pa denga kapena pa mtengo wolimba womangidwa bwino, iime chilili osati chopendama, italikirane ndi zitsulo zina, ndipo pasamakhale munthu wotsamira kapena kuigwira pamene mukulankhula. Isakhalenso pafupi kwambiri ndi wailesi yeniyeniyo, mita imodzi kapena kuposa.

Waya wa eriyo ndi wa 50 ohm, pa waya pamalembedwa RG-58 kapena RG-8X. Uja wa TV ndi dishi amene ali mbwee mmashopu ndi wa 75 ohm, amaoneka ofanana koma musayerekeze, mphamvu ina imabwerera mu wailesi mmalo mopita pa eriyo. Musaupinde mwamphamvu pa kona, musaupanikize ndi misomali, ndipo usayende limodzi ndi mawaya a injini chifukwa mudzangomva phokoso la tcherrr injini ikalira. Kumapeto kwake kumakhala pulagi yotchedwa PL-259. Mukamaimanga yang'anitsitsani timawaya tija tolukana takunja, kamodzi kokha kakakhudza waya wapakati basi mwapanga shoti. Ngati simunazolowere kuwotcherera pitani nayo kwa okonza mawailesi, ndi ntchito ya kanthawi kochepa. Polumikizira pa panja pakulungeni ndi tepi ya rabara ija yodziphatika yokha, kenako tepi wakuda pamwamba, ndipo waya asanalowe mkati mupindeni pang'ono cha pansi kuti madzi azidonthera panja osatsata waya.

Chinthu chimodzi osaiwala: musadine batani lolankhulira eriyo isanalumikizidwe, mutha kuwotcha wailesi yatsopano tsiku lomwelo.

Kenako magetsi. Wailesi izi ndi za 12V, ndipo mukamalankhula pa mphamvu yonse ya 25W imakoka ma amp 5 kapena 6. Waya wofiira apite ku plus, wakuda ku minus, mukasemphanitsa fyuzi imapsa ndipo nthawi zina wailesi imapsera limodzi. Chotsani kaye teminolo ya minus pa batire musanayambe, muibwezeretse pomaliza. Ngati batire ili mkati mwa mamita 3 waya wa 2.5mm akwanira, ikatalikira mpaka mamita 6 pezani wa 4mm, waya wowonda amadya mphamvu panjira moti mumangoona magetsi a wailesi akuphethira mukadina maiki. Fyuzi ikhale pa waya wofiira pafupi kwenikweni ndi batire, saizi yake muione m'kabuku ka wailesiyo, ndipo zija zokulunga kawaya kapena pepala la siliva fyuzi ikapsa ayi ndithu, pa boti pali petulo, moto wa pamadzi ulibe kothawira. Sungani mafyuzi awiri a sipeya mu kabotolo kotseka.

Osangopota waya pa teminolo ndi manja. Gulani timalagi, tizitsulo tozungulira tija toika kumapeto kwa waya, finyani ndi pulayala mpaka waya asasololoke mukakoka, mangani ndi nati kenako pakani girisi pang'ono. Nyanja yathu ilibe mchere inde, komabe chinyezi chimadya kopa mpaka kusanduka wobiriwira. Batire yokha ikhale mu bokosi lomangirira, pamwamba pa pomwe madzi amadikha. Ngati injini yanu siitchaja batire, ikani kasola ndi kontirola yake, batire yodzaza imaonetsa cha pa 12.6V.

Mukamaliza yatsani, tembenuzani squelch, kabatani kotsekera phokoso pamene palibe amene akulankhula, mpaka phokoso litangosiya, osapitirira apo chifukwa mudzatsekera kunja mawu ochokera kutali. Yesani ndi mnzanu pa tchanelo 72 kapena 8, poyamba pa mphamvu yochepa ya 1W muli pa gombe, kenako iye atalikire inu muike 25W, injini ili chilire. Tchanelo 16, ya 156.8 MHz, ndi yoitanira ndi ya ngozi padziko lonse, osachezerapo za mitengo ya usipa. Zikavuta moyo uli pachiswe mumati Mayday katatu, dzina la boti, pomwe muli, vuto lanu ndi chiwerengero cha anthu. Aphunzitseni onse ogwira ntchito pa botipo osati kapitawo yekha, ndipo pa gombe lanu gwirizanani kuti pakhale wailesi ina yoyatsa pa 16 nthawi zonse maboti akakhala pamadzi.