Ntchito yobwerezabwereza pa intaneti, isiyireni kompyuta

Alembi a makalabu ndi makopaletivi a alimi a mbatatesi ku Bembeke ndi ku Tsangano, nkhani iyi ndi yanu. Ambiri mumaswera pa kompyuta kulowetsa mamembala pa fomu ya pa intaneti: dzina, mudzi, nambala ya foni, kudina, kenako wina. Pofika masana maso achita chidima, manambala ayamba kusokonekera. Chikhalirecho alipo mapulogalamu aulere amene amatsegula browser (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti), kulemba ndi kudina okha.

Wosadziwa kulemba khodi (malangizo amene kompyuta imatsatira) ayambire pa Selenium IDE. Ndi mphukira ya Selenium, pulogalamu yomwe inayamba mu 2004. Mumaiika mu browser monga Firefox, n'kugwira ntchito yanu kamodzi iyo ikulemba zonse zimene mukudina, ndipo mukaiuza imabwereza ndendende. Ngati pagulu panu pali wachinyamata wodziwako zilankhulo zolembera khodi za Python kapena JavaScript, ine ndingasankhe Playwright, yomwe Microsoft inatulutsa mu 2020, chifukwa imadikira kuti batani lioneke isanadine. Ndi netiweki yathu yakumapiri kuno, kudikirako n'kofunika kwambiri. Puppeteer ya Google, yofanana ndi Playwright, iliponso.

Mbewu yopanda chizindikiro sitigula, ndipo pulogalamu n'chimodzimodzi. Zitatu zonsezi ndi open source, kutanthauza kuti khodi yake ili poyera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa GitHub, aliyense akhoza kuiwerenga. Mukapeza ina yachilendo, onani fayilo ya LICENSE (ya chilolezo) ngati yalembedwa MIT kapena Apache 2.0, zomwe ndi zilolezo za open source, muonenso tsiku limene anaikonza komaliza. Yomwe yagonera zaka zitatu osakhudzidwa ilekeni, pakuti browser imasintha pafupipafupi. Ina imati ndi yaulere, koma pakatha masabata awiri yayamba kufuna ndalama.

Musaiwale bandulo. Playwright imatsitsa ma browser akeake olemera ma MB mazanamazana, ndiye tsitsani browser imodzi yokha ya Chromium, makamaka tsiku limene mwapita ku boma kumene kuli wifi.

Yesani kaye ngati munda wachitsanzo: mayina asanu okha, muwayang'ane limodzilimodzi. Pulogalamu ikalakwitsa imalakwitsa mofulumira, mamembala onse angapezeke alembedwa mudzi umodzi. Pasiwedi ya kubanki kapena ya gulu musailembe mu fayilo imene mumatumizirana pa WhatsApp. Tsamba likakufunsani kuti mutsimikize kuti ndinu munthu, eni ake sakufuna makina pamenepo. Lembani pamanja.