Momwe mungapezere chigono cha mbalame za purple martin ndi kupereka lipoti zisananyamuke wa ku Brazil

Abale amene muli ku America, makamaka mbali ya kum'mawa ndi kum'mwera uko monga Texas, Louisiana, Tennessee, ma Carolina onse awiri mpaka kukafika Pennsylvania, mwezi wa Julaye ndi Ogasiti kumachitika zinthu madzulo aliwonse zomwe ambirife timangozidutsa tili pagalimoto kuthamangira shifiti. Mbalame zotchedwa purple martin zikamaliza kulera ana zimasiya zisa zawo n'kuyamba kugona malo amodzi, masauzande, pena mpaka mahandiredi a masauzande, kwa masabata angapo zisanauyatse ulendo wa ku South America, zambiri mwa izo ku Brazil kunkhalango ya Amazon. Ndi mtundu wa anamzeze, ndipo ndi wamkulu kuposa anamzeze ena onse a ku North America, kutalika kwake cha m'ma 20 sentimita. Kumudzi kulibe mbalame imeneyi nde musavutike kuifuna ku Liwonde.

Nkhani yake njoti chigono chimenechi sichikhala pamodzimodzi chaka ndi chaka, ndipo anthu oteteza mbalamezi sangakhale paliponse. Amadalira munthu wamba ngati inu kuti muwauze kuti chaka chino zikugona pakutipakuti. Pa Bomb Island, kachilumba ka pa Lake Murray ku South Carolina, ndi chigono chotchuka kwambiri moti anthu amachita kulipira maboti kukaonera, koma mu 2014 mbalame zambiri sizinafikepo, zinakapezeka ku nyanja ina ya Monticello. Ngati malo odziwika chonchi angasinthe, nanga kuli bwanji timitengo ta kuseri kwa shopu kwanuko?

Muyambe ndi kuidziwa mbalameyo, chifukwa lipoti la mbalame yolakwika limangosokoneza anthu. Yaimuna yaikulu ndi yakuda thupi lonse, dzuwa likaiomba imanyezimira mwa buluu wopita ku pepo. Zazikazi ndi ana a chaka chomwecho zimakhala zotuwa kumimba, ndipo pachigono zotuwazi mudzaziona zambiri zedi, musaganize kuti ndi mtundu wina ayi. Mchira ndi wa mphanda pang'ono chabe, mapiko osongoka, ndipo pouluka imakupiza kangapo kenako n'kutambasula mapiko kumangoyandama. Zomwe zimasokoneza anthu ndi ma starling ndi ma grackle chifukwa nazonso zimagona m'magulu m'malo oimika magalimoto, nthawi zina mumtengo umodzimodziwo. Grackle ali ndi mchira wautali ndipo amakonda kuyenda pansi kutola nyenyeswa, starling amauluka mongolunjika mothamanga. Purple martin imadyera m'mwamba, imagwira atombolombo ndi tizilombo tina touluka, ngakhale madzi imamwa ikuuluka. Mukaona timbalame tikuzungulira n'kumalowa m'chumuni, amenewo ndi ma chimney swift, nkhani ina imeneyo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe pamandisangalatsa ine, ndi kugwiritsa ntchito rada ya zanyengo. Boma la America lili ndi marada pafupifupi 160 a NEXRAD omwe ntchito yake ndi kuona mvula, ndipo aliyense atha kuwaona ulele pa webusaiti ya National Weather Service kapena pa ma app a zanyengo omwe amaonetsa zithunzi zosasefa. Mbalamezi zikamadzuka m'mbandakucha zimanyamuka pafupifupi nthawi imodzi, kukwera m'mwamba n'kubalalikira mbali zonse, nde pa rada pamaoneka kadontho kamene kamakula n'kukhala mkombero woboola pakati ngati donati, kumakulirakulira mpaka kuzimiririka. Mutchere alamu, tsegulani rada ya dera lanu kutatsala mphindi 30 kapena 40 kuti dzuwa lituluke, tsiku lopanda mvula, ndipo muiyendetse ngati kanema osati chithunzi chimodzi. Ngati munagona, bwezani m'mbuyo zithunzizo mukadzuka. Pamene mkomberowo wayambira, pakati pakepo, ndi pomwe pali chigono. Onani masiku angapo otsatizana, ukamayambira malo omwewo m'mawa uliwonse ndiye kuti mwapeza chinthu.

Koma rada siikuuzani mtundu wa mbalame. Imangoti pali zouluka zambiri basi. Mkombero wotuluka madzulo dzuwa likulowa, makamaka ku Texas, kawirikawiri ndi mileme ikutuluka m'mapanga. Wa m'mawa koma miyezi yakutsogolo ngati Okutobala umakhala wa mbalame zina monga tree swallow. Komanso pobwera madzulo mbalamezi sizioneka bwino pa rada chifukwa zimafika pang'onopang'ono ndiponso mmunsi. Nchifukwa chake pamafunika munthu wopita ndi maso ake kukatsimikiza, ndipo ntchito imeneyi ndi imene ikusowa anthu.

Kenako tengani mapu a pafoni muyang'ane dera lomwe rada yakulozerani. Zimakonda malo amitundu ingapo: tizilumba ta m'nyanja ndi m'mitsinje, mabango a m'madambo ngati a ku Presque Isle Bay ku Erie, pansi pa milatho italiitali ngati Lake Pontchartrain Causeway ku Louisiana, komanso chodabwitsa, mitengo yothithikana ya pamalo oimika magalimoto pa mashopu akuluakulu pakati pa tauni penipeni pali magetsi usiku onse. Ku Austin ndi ku Houston ndi mmene zimakhalira. Ngati za rada zakuvutani musagwe ulesi, tulukani madzulo muone komwe magulu a mbalamezi akulowera, onse amaloza mbali imodzi, inu muzitsatira. Masana muthanso kuzindikira malowo ndi zitosi zoyera mbuu pansi pa mitengo, nthenga, ndi fungo lake lomwe simungaliphonye.

Tsiku lokaonera mufike kutatsala ola limodzi kuti dzuwa lilowe. Poyamba mudzaona ngati mwanamizidwa, kumwamba kuli mbee, mwina timadontho tiwiri titatu kutali uko. Dikirani. Dzuwa likamapendeka timadontho tija timachuluka, mukaloza makina oonera patali m'mwamba mupeza kuti pamwamba pa zomwe mukuonazo pali zinanso, pamwamba pa izonso zina, ndipo zimayamba kuzungulira n'kumatsika pang'onopang'ono. Dzuwa litangolowa, kachisisira kakugwa, gulu limodzi limangoti thii kugwera mumtengo, lina pambuyo pake, zina kudutsa pafupi ndi mutu wanu moti mphepo ya mapiko mumaimva kumaso, nthambi n'kumawerama ndi kulemera, mbalame zitapanikizana phewa ndi phewa kukanganirana pokhala, phokoso lake lochita kuti mnzanu ali pambali panu muzimulankhula mokweza. Pena kabawi akadutsa zonse zimabuka n'kuyambiranso. Pakatha mphindi 20 kapena 30 kumwamba kwayera. Valani chipewa ndi malaya oti simudandaula nawo, ndipo galimoto muimike patali ndi mitengoyo, zitosi zimagwa ndithu.

Pamalopo khalani mwaulemu. Osaomba m'manja kuti ziuluke mujambule bwino, osagwedeza mtengo, osawalitsa tochi kapena fulashi, drone isiyeni kunyumba, galu akhale pachingwe. Zikadzidzimuka mumdima zimakaomba mawaya, magalasi ndi magalimoto, ndipo zambiri mwa izo ndi ana oti angophunzira kumene kuuluka. Lamulo la Migratory Bird Treaty Act la 1918 limaziteteza, kuzipha kapena kuzigwira ndi mlandu. Ngati ndi pamalo a eni ake monga pa shopu, kalankhuleni ndi alonda kaye muwauze chomwe mwabwerera, inu mukudziwa mmene zimakhalira munthu ukangoima pamalo a eni madzulo ndi kamera. Pamlatho osaimitsa galimoto. Ku Manns Harbor ku North Carolina, pa mlatho wa William B. Umstead pomwe kwa zaka zambiri pankagona mbalame pafupifupi 100,000, magalimoto anali kuziomba zambiri mpaka anaika magetsi ochenjeza ndi kutsitsa liwiro kufika mamailosi 20 pa ola nthawi ya m'mawa ndi madzulo m'nyengo imeneyi. Zimenezi zinatheka chifukwa anthu anaona n'kulankhula.

Kuwerenga ndi kumene kumaopsa anthu ambiri koma musade nkhawa, palibe amene amayembekeza nambala yeniyeni. Werengani kagulu ka mbalame 50 kapena 100 muone kukula kwake m'mwambamo, kenako muone kuti kaguluko kangalowe kangati mu gulu lonse. Njira ina ndi kujambula zithunzi zingapo kumwamba, kukafika kunyumba n'kuwerenga kachigawo kamodzi ka chithunzi n'kuchulukitsa. Zikatera mumtengo werengani nthambi imodzi, yerekezani nthambi za mtengowo, kenako mitengo yonse yomwe yadzaza. Ine ndimaona kuti kuli bwino kulemba kuti pakati pa 5,000 ndi 10,000 kusiyana ndi kulemba miliyoni chifukwa choti mtima unali m'mwamba. Maso amakokomeza madzulo ngati amenewa. Mukapita awiri aliyense awerenge payekha kenako mufananize.

Musanachoke lembani zonse pompo mufoni, mawa mudzakhala mutaiwala. Tsiku, nthawi yomwe zoyamba zinafika ndi yomwe zomaliza zinatera, malo enieni podina pa mapu kuti mutenge manambala a GPS kapena adiresi ndi mphambano yapafupi, mtundu wa malo kaya ndi mitengo, bango, mlatho kapena chilumba, mbalame zina zomwe zasakanikirana nazo, nyengo, ndiponso choopsa chilichonse chomwe mwaona monga mbalame zakufa pamsewu, mitengo yoikidwa chizindikiro choti idulidwe kapena anthu akuzithamangitsa. Kakanema ka mphindi imodzi kamathandiza kwambiri.

Lipotilo mulitumize ku Purple Martin Conservation Association, bungwe lomwe linayamba mu 1987 ndipo lili ku Erie, Pennsylvania. Ali ndi ntchito yotchedwa Project MartinRoost yomwe imasonkhanitsa malo onse ogona mbalamezi, mukalowa pa webusaiti yawo mupeza polembapo. Ikaninso pa eBird, webusaiti ya Cornell Lab of Ornithology yolembapo mbalame zomwe mwaona, akaunti yake ndi yaulele. Nthambi ya bungwe loteteza mbalame la Audubon ya m'dera lanu nayonso iuzeni, ku Austin a Travis Audubon amachita kukonza madzulo oonera pamodzi omwe amawatcha Purple Martin Parties, mutha kuyambira pamenepo ngati muli pafupi. Mukapeza yakufa ili ndi kachitsulo kumwendo, lembani nambala yake muitumize ku Bird Banding Laboratory ya USGS, ofesi ya boma la America yosunga manambala amenewa.

Ndipo musapite kamodzi n'kusiya. Bwererani sabata iliyonse ngati mungathe, chifukwa mbalame za pachigono zimasinthana, zina zikunyamuka zina zochokera kumpoto zikufika, nde nambala imakwera kenako n'kutsika. Tsiku lomwe mwapeza mitengo ili zii lembaninso lipoti loti palibe, ndi limene limasonyeza kuti zanyamuka liti. Chimodzimodzi malo omwe chaka chatha zinalipo koma chaka chino kulibe.

Chomwe chimandikhudza ine kwambiri ndi chakuti mbalame imeneyi kum'mawa kwa mapiri a Rocky imadalira anthu pafupifupi pa chilichonse chokhudza chisa. Imaswera m'tinyumba ndi m'zipanda zomwe anthu amazipachikira, mwambo womwe anthu a mtundu wa Choctaw ndi Chickasaw ankachita kalekale. Munthu amalera banja limodzi kuseri kwa nyumba yake miyezi itatu, koma pachigono chimodzi pamasonkhana mbalame za m'makomo masauzande, nde pakalakwika pamenepo zimapweteka dera lalikulu. Ku Nashville mu 2020 mbalame pafupifupi 150,000 zinasankha mitengo ya pa Schermerhorn Symphony Center, zitosi ndi fungo zinavuta, ndalama zoyeretsera zinali zambiri, ndipo mu 2022 mitengo ija inachotsedwa mbalame zisanayambe kusonkhana. Eni malo nawo ali ndi madandaulo omveka, sitingawanyoze. Koma oteteza mbalame akadziwa msanga amatha kukakambirana nawo, kuthandiza kutsuka, kutchinga malo oimika magalimoto kwa masabata ochepawo, m'malo momva nkhani macheka atalira kale.

Kwa inu muli ku South Africa, zofanana ndi izi zilipo kwanuko ndi anamzeze ochokera ku Ulaya aja. Ku Mount Moreland pafupi ndi Durban amagona m'mabango kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, ndipo bwalo la ndege la King Shaka linaika rada yowayang'anira. Kawerengedwe ndi kalembedwe ndi komweko, ndipo eBird imagwira ntchito kumeneko, ku Malawi ndi ku Zambia komwe. A ku America inu, kum'mwera monga Texas ndi Louisiana yambani kuyang'ana rada kumapeto kwa Juni, kumpoto monga Pennsylvania chimake ndi Ogasiti, ikamafika pakati pa Sepitembala zambiri zimakhala zitapita.