Chiwongolero cha Land Cruiser chikamanjenjemera: poyambira kufufuza ndi pomalizira

Kunjenjemera kwa chiwongolero kuli pawiri. Kwina kumabwera pa liwiro limodzi lokha, mwina makilomita 80 kapena 100 pa ola, ndipo mukaonjezera kapena kuchepetsa liwiro kumazilala. Kumeneko nthawi zambiri ndi matayala. Kwinaku ndiye koopsa: tayala limenya dzenje, kutsogolo konse kuyamba kugwedezekera kumanja ndi kumanzere, osaleka mpaka galimoto itatsala pang'ono kuima. Vutoli limakonda galimoto za akisilo imodzi yolimba kutsogolo, monga Land Cruiser 70 ndi 80, Nissan Patrol ndi Land Rover Defender zakale, komanso Jeep Wrangler. Zikakuchitikirani pamsewu, gwirani chiwongolero ndi manja awiri, chotsani phazi pamoto, ndipo mabuleki muwaponde pang'onopang'ono.

Ambiri amathamangira kugula steering damper yatsopano, dampa yomwe imachepetsa kugwedezeka kwa chiwongolero. Dampa imangobisa vuto. Kugwedezekako kumachokera pachitsulo chomwe chakhwepa penapake, ndipo ntchito yanu ndi kuchipeza.

Yambani ndi zotchipa. Tsukani mkati mwa marimu, chifukwa matope ouma a nyengo ya mvula okha amatha kusokoneza balansi. Mpweya ukhale wofanana matayala awiri akutsogolo, manati a magudumu akhale omangika, ndipo yang'anani ngati rimu inapindika kapena tayala latupa. Mukasintha matayala akutsogolo kupita kumbuyo n'kuona kuti kunjenjemera kwasintha, mwalipeza vuto, kapena mbali yake.

Kenako galimoto ili pansi pamalo osalala, mnzanu azigwedeza chiwongolero uku ndi uku mwachangu, inu mutagona pansi ndi tochi. Choyamba kuona ndi panhard rod, chitsulo chopingasa chomwe chimagwira akisilo kuti isasunthire m'mbali. Gwirani kumapeto kwake konse. Ngati bushi, labala ya kumapetoko, ikusewera, kapena bawuti yakulitsa bowo lake, ngakhale ndi milimita imodzi, pamenepo m'pokwanira kuyambitsa kunjenjemera. Chitani chimodzimodzi pa ma tie rod end onse, omwe ndi mapeto a chitsulo cholumikiza magudumu awiri akutsogolo, ndi pa drag link, chitsulo chochokera ku steering box, bokosi lomwe chiwongolero chimakhotetsera magudumu. Onaninso mabawuti a steering box ndi chasisi pomwe bokosilo lamangidwa, popeza Land Cruiser 80 zomwe zayenda kwambiri m'misewu ya mabampu zimang'aluka pamenepo. Land Cruiser 75 yakale ili ndi masipuling'i a zitsulo zosanjikiza kutsogolo ndipo ilibe panhard. Kwa iyo yang'anani mabushi a masipuling'iwo ndi ma U-bolt.

Tsopano kwezani kutsogolo ndi jeke, muikepo zochirikiza zolimba. Gwirani tayala pamwamba ndi pansi, ligwedezeni. Likasewera, mnzanu aponde buleki inu mugwedezenso. Kusewera kukatha, vuto ndi ma wheel bearing. Kukapitirira, ndi ma kingpin bearing, awiri a pamwamba ndi pansi pa knuckle, chitsulo cha kumapeto kwa akisilo chomwe chimakhota ndi gudumu.

Apa ndi pomwe amakaniko ambiri amalambalala, chonsecho pa Land Cruiser vuto limakonda kukhala pomwepa. Ma kingpin bearing amenewa satembenuka kuzungulira konse, amangoyenda pang'ono malo omwewo, ndiye mabampu amawadinda timizere. Amatha kukhwepa osaonetsa kusewera kulikonse mukagwedeza ndi manja. Njira yotsimikizika ndi kuyeza. Chotsani tie rod ndi masilo a kumbuyo kwa knuckle, kolekani sikelo yolendewera pabowo la kumapeto kwa knuckle arm, mkono womwe tie rod imamangidwapo, mukoke. Pa Land Cruiser 80, knuckle iyenera kuyamba kusuntha sikelo ikawerenga pakati pa makilogalamu 2.5 ndi 4.5. Ikasuntha isanafike pamenepo, yakhwepa. Kulimba kwake amakusintha ndi mashimu, tizitsulo topyapyala toika pakati: shimu yopyapyala imaonjezera kulimba. Koma ngati mukumva ikukodwakodwa poitembenuza, musavutike ndi mashimu, sinthani ma bearing ndi makapu ake, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi masilo ndi girizi. Manati anayi a knuckle arm pansi pake amangidwe pa 96 Nm. Amamasuka okha, ndipo ma stud ake, mabawuti omwe manatiwo amamangidwapo, akaduka chiwongolero chimatayika.

Ma wheel bearing a 80 amafuna soketi ya 54 mm. Mangani nati yoyamba pa 59 Nm, zungulitsani habu kuti ma bearing akhazikike, masulani, kenako mangani mopepuka pa 5.4 Nm. Ikani washala yatsopano yokhomera, nati yachiwiri pa 64 Nm. Kumanga manatiwa ndi tchizulo ndi hamala n'kumene kumapha ma bearing msanga.

Ngati galimoto inakwezedwa ndi masipuling'i aatali, ganizirani za caster. Uku ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere womwe gudumu limakhoterapo, monga momwe foloko ya njinga imapendekera kuti njinga iziyenda mowongoka. Land Cruiser 80 inapangidwa ndi caster ya madigiri pafupifupi 3. Mukaikweza, ma radius arm, zitsulo zazitali zolumikiza akisilo ku chasisi, amatembenuza akisilo ndipo caster imachepa, galimoto n'kumayendayenda mumsewu, chiwongolero osabwerera chokha mukamaliza kukhota. Pokweza ndi mamilimita 50, mabushi okonzera caster a madigiri 2 amathandiza. Kupitirira apo pamafunika mapuleti kapena ma radius arm ena. Mabawuti onse a mabushi muwamange komaliza galimoto itatsitsidwa pansi, apo ayi labala imapotokola n'kung'ambika msanga.

Mukasintha chilichonse mwa izi, pitani nayo ku alayimenti, toe-in, komwe ndi kuyandikana kwa matayala awiriwo chakutsogolo kwake, ikhale pafupi ndi mamilimita 2. Dampa ibwere pomaliza. Ichotseni, muikoke ndi kuikankha ndi manja: ikhale yolimba mofanana njira yonse. Ngati ikudontha oyilo kapena ili ndi malo ofewa, isintheni. Poyesa galimoto, sankhani msewu wopanda anthu, muyambe pa makilomita 40 pa ola n'kumaonjezera pang'onopang'ono, ndipo mukayenda ulendo woyamba wa msewu wa fumbi mubwerezenso kumanga manati onse omwe munawagwira.