Kusankha Mphamvu ya Chingwe cha Mbedza ndi Kulumikiza Chingwe Chokhuthala

Mwafunsa kuti mugule chingwe champhamvu yotani pokawedza mumtsinje wa Luangwa, ndiponso mfundo imene ingagwire chingwe chokhuthala cha kumbedza osasomphoka.

Yambani ndi kuganizira nsomba imene mukufuna. M'madamu ozungulira Chipata chingwe chopirira makilogalamu 5 ndi chokwanira, koma milamba ikuluikulu ya m'Luangwa imafuna cha makilogalamu 12 mpaka 15, ndipo kumapeto kwake mulumikizeko chidutswa chotalika mita imodzi cha makilogalamu 25 kapena 30, chifukwa gawo limenelo ndilo limakhulika pamiyala ndi pamitengo yomira. Ngati mukufuna mcheni, onjezani waya wa masentimita 30 pambedza, pakuti mano ake amadula nayiloni.

Mfundo imene ndimaidalira polumikiza zingwe zosiyana kukhuthala ndi ya Albright. Pindani nsonga ya chingwe chokhuthala kuti ipange diso, lowetsani chopyapyala m'disomo, kenaka muchikulunge nthawi 10 mozungulira nthambi zonse ziwiri za diso, mukubwerera kumene munalowera. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: nsonga ituluke mbali yomweyo imene inalowera, apo ayi mfundo idzamasuka nsomba ikangokoka. Nyowetsani mfundoyo ndi malovu musanaimange kuti nayiloni isafooke ndi kutentha, kokani pang'onopang'ono mizere ikhale yoyandikana osakwerana, ndipo dulani nsonga zotsala.

Musanaponye m'madzi, kolani mbedza pamtengo ndi kukoka mwamphamvu. Mfundo ikaterereka, idulidwe ndi kumangidwanso.