Mmene mungaphunzitsire maso anu kuyang'ana kangaude

Munthu woopa akangaude akalowa m'chimbudzi, kapena akakwera m'nkhokwe kukatapa chimanga, maso ake amathamangira kudenga ndi m'makona asanaone china chilichonse. Mu 2001, katswiri wa zamaganizo Arne Öhman ndi anzake ku Sweden anaonetsa anthu zithunzi zambiri pamodzi, ndipo kangaude woikidwa pakati pa maluwa kapena bowa ankapezeka msanga, makamaka ndi amene ankamuopa kale. Vuto lake n'lakuti maso akangomupeza amathawanso, motero munthu sapeza mpata woona kuti kachilomboko kangokhala phee. Ofufuza a ku Ohio State University anapezanso mu 2012 kuti oopa kwambiri amamuyesa wamkulu kuposa mmene alili.

Choyenera kuphunzira ndi kusunga maso pamene akufuna kuthawa. Yambani ndi chithunzi cha pafoni, muchiike patali, ndipo mupemphe m'bale wodekha akhale nanu, osati wokonda kuopseza anzake. Pochiyang'ana, nenani mokweza zimene mukuona: werengani miyendo mpaka ikwane 8, onani kuti thupi lili ndi zigawo ziwiri, tchulani mtundu wake. Mtima udzagunda ndipo m'manja mudzachita thukuta, koma musachoke mantha ali pachimake, chifukwa mukatero mumadziphunzitsa kuti kuthawako ndiko kwakupulumutsani. Dikirani mpaka mpweya ubwerere m'malo mwake.

Chithunzi chikasiya kukusautsani, m'bale wanuyo atsekere kangaude wamng'ono wa m'nyumba m'botolo loonekera mkati. Liikeni pakhonde masana, muziyandikira pang'onopang'ono. Musanasunthe, nenani chimene mukuganiza kuti achita, mwina kukudumphirani, kenako muone chimene wachitadi. Apa mpofunika kuchedwapo, pakuti mantha amachepa munthu akaona yekha kuti zimene amayembekezera sizinachitike. Lars-Göran Öst, wofufuza wina wa ku Sweden komweko, anaonetsa kuti mothandizidwa ndi katswiri ambiri amasintha pa nthawi imodzi yokha ya maola pafupifupi 3, koma panyumba palibe chothamangira.

Phunziraninso kuchotsa maso mwadala. Muyang'aneni, kenako yang'anani khomo, pansi ndi pamene mwaponda, ndipo mubwerere kwa iye. Izi ndimaziona kuti n'zofunika kwambiri kwathu kuno ku Angónia ndi ku Tsangano, chifukwa mayi amene maso ake agwidwa ndi ukonde wa pamulu wa nkhuni angathe kusaona chinkhanira kapena njoka imene ili pafupi ndi dzanja lake.

Akangaude ambiri a m'nyumba savulaza munthu, komabe kutumulani nsapato musanavale, ndipo musagwire wakuda wa mimba yobulungira yokhala ndi chizindikiro chofiira. Wolumidwa akayamba kumva kukokana kwa minofu kapena kutuluka thukuta kwambiri, apite naye kuchipatala msanga.