Kulandira zolemba za umboni pa kompyuta: mmene ndimachitira

Kuno ku America, mboni ikamapereka umboni wolumbira kunja kwa khothi, womwe amautcha deposition, mlembi wa khothi amalemba liwu lililonse pa kamakina ka stenotype. Ntchito yanga mu ofesi ya maloya ndi kulandira zolembazo n'kuzikonzera loya.

Poitanitsa zolembazo kwa mlembi, neneranitu mafayilo amene mukufuna. Ine ndimapempha PDF, ASCII ndi PTX. PDF ndi yowerenga ndi kusindikiza. ASCII ndi malemba okhaokha, amalowa msanga m'mapulogalamu osakira mawu. PTX imatseguka ndi pulogalamu ya E-Transcript, ndipo ndimaikonda chifukwa ukadina liwu pa mndandanda wa mawu, imakufikitsa pomwe mboni inalinena.

Fayilo ikangofika, onani manambala a masamba ndi a mizere. Kawirikawiri tsamba limakhala ndi mizere 25, ndipo loya akalemba 45:12 akutanthauza tsamba 45, mzere 12. Chonde musakopere malembawo mu Word. Mizere imasuntha, woweruza n'kutsegula tsambalo osapezapo mawu amene mwatchula. Onaninso kumapeto ngati pali chikalata cha mlembi chotsimikiza kuti walemba zoona. Rough draft, kope yosakonzedwa yobwera tsiku lomwelo la deposition, siikhala nacho, choncho ndi yongokonzekerera, osati yotchula m'khothi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi masiku. M'makhothi a boma lalikulu la America (federal), lamulo lotchedwa Rule 30(e) limapatsa mboni masiku 30 owerenga ndi kukonza zolakwika, kuyambira pomwe yauzidwa kuti zolemba zatuluka, malinga pempho loti mboniyo iwerenge linaperekedwa deposition isanathe. Lembani tsiku lomaliza pa kalendala nthawi yomweyo, ndipo mboniyo muitumizire PDF yake dzuwa lisanalowe.