Momwe mungathandizire mwana wodwaladwala kuti asatsalire kusukulu

Mwana amene ali ndi matenda okhalitsa, monga mphumu, khunyu, shuga kapena matenda a magazi otchedwa sickle cell, kawirikawiri sasiya sukulu mwadzidzidzi. Amajomba masiku awiri, kenako sabata yathunthu. Pobwerera amapeza anzake apita patsogolo, manyazi amamugwira, ndipo m'mawa mwake amadzuka akuti m'mimba mukupweteka. Makolo ndi aphunzitsi ayenera kuchitapo kanthu zimenezi zisanazike mizu.

Yambani ndi pepala limodzi. Kholo, mphunzitsi wa kalasi ndi mwanayo akhale pansi nalemba zomwe dokotala ananena: dzina la mankhwala, mlingo wake ndi ola lomwera, zizindikiro zoti zinthu zayamba kuipa, choyamba kuchita, ndi manambala awiri a foni, poti imodzi itha kukhala yothima pa tsiku la vuto. Pepalali likhale pomwe mphunzitsi wogwirizira angalipeze, ndipo liwunikidwenso teremu iliyonse, chifukwa mlingo wa mankhwala a ana umasintha thupi likamakula.

Choyamba kuchitacho chilembedwe mosazungulira. Mwana wa khunyu akagwa, chotsani zomwe zingamupweteke, ikani chofewa kumutu kwake, yang'anani nthawi, ndipo kuphupha kukatha mugonekeni chammbali. Musamupanikize, musamuike kanthu m'kamwa: lilime sangalimeze, koma supuni imathyola mano. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangirani naye kuchipatala. Kalasi yonse iuzidwenso kuti khunyu silipatsirana.

Wa mphumu akhale tsonga, apope inhela yotsegula chifuwa kamodzi pa masekondi 30 mpaka 60 alionse, kufika maulendo 10. Ngati akulephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, musadikire, thamangirani naye kuchipatala. Inhelayo ikhale pafupi ndi iye, osati yokhomeredwa mu ofesi. Wa matenda a shuga akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka, ndiye kuti shuga watsika m'thupi: mumwetseni magalamu 10 mpaka 15 a shuga, omwe ndi masupuni ang'onoang'ono atatu, m'madzi, ndipo mumuonenso pakatha mphindi 15. Akakomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Wa sickle cell aziloledwa kumwa madzi ndi kupita kuchimbudzi osapempha, chifukwa impso zake zimataya madzi ambiri, ndipo madzi akachepa m'thupi ululu umadzuka. Kutentha thupi kukafika madigiri 38, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Pa maphunziro, cholakwika chachikulu ndi kumuunjikira zonse zomwe anaphonya. Sankhani kuwerenga ndi masamu, poti zimenezi zimamangana: wophonya kuchulukitsa adzavutika pogawa. Ali kunyumba, mphindi 15 kapena 20 kawiri patsiku, pa nthawi imene ali ndi mphamvu, ndi zokwanira. Mnzake mmodzi azimubweretsera makope, ndipo macheza obwera ndi makopewo musawafupikitse. Akadwala nthawi yaitali, sabata yoyamba aphunzire theka la tsiku, ndipo asakumane ndi mayeso pa tsiku lobwerera. Mankhwala ena a khunyu, monga phenobarbital, amagonetsa. Mwana wosinza m'kalasi musamutche waulesi; uzani dokotala, koma mankhwala musamusiyitse nokha.

Za mumtima ndizo zimabisika kwambiri. Ana osakwana zaka 7 amakonda kuganiza kuti adwala chifukwa chosamvera, ndipo sanena. Muuzeni momveka: "Sunalakwe chilichonse, ndipo matendawa si chilango." Musamunamize kuti jakisoni sapweteka, nenani kuti apweteka pang'ono ndipo mukhala naye pafupi. Mwana wonamizidwa kamodzi amakayikira ndi zoona zomwe. N'chimodzimodzi ndi HIV: bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2011 kuti ana a msinkhu wa sukulu omwe ali ndi kachilomboka aziuzidwa za momwe alili, ndipo aang'ono aziuzidwa pang'onopang'ono molingana ndi nzeru zawo. Koma kuuza mwana sikuuza sukulu yonse. Iye akhale ndi mawu pa nkhani ya amene adziwe, ndipo yesererani naye yankho lalifupi la anzake ofunsafunsa, monga "Ndimamwa mankhwala kuti ndikhale ndi mphamvu."

Chifundo chikapitirira chimamupatula. Apatsidwe ntchito zomwe angathe, azidzudzulidwa akalakwa ngati anzake, azisewera ngati dokotala sanaletse. Abale ake nawonso apeze nthawi yawoyawo ndi kholo, chifukwa nsanje ndi mantha awo saonekera msanga.

Khalani tcheru mwana akasiya zomwe ankakonda, akamadzipatula, akayambanso kukodza pogona, kapena mukapeza mapiritsi obisidwa. Zikatha masabata awiri zisanasinthe, fotokozerani dokotala wake kapena mlangizi. Akanena kuti bola kufa, musamukalipire ndipo musamusiye yekha: mumvetsereni, kenako pitani naye kwa achipatala tsiku lomwelo.